Anandikonzera maliro n'kuwatcha phwando

Zimene ndikuuzeni panozi si nthano ayi. Zinandichitikira ineyo, masanasana, pamaso pa azimayi odzaza chipinda, ndipo ena mwa iwo akawerenga adzizindikira okha, achite manyazi ngati manyaziwo akadali nawo. Maina sinditchula, osati chifukwa choopa munthu, koma mwana wanga akukula ndipo sindifuna kuti nkhaniyi idzayende ndi dzina lake. Amene akufuna kunena kuti ndikukokomeza anene, si woyamba iyeyo.

Ine ndimakhala ku South Bend, mzinda wa ku Indiana m'dziko la America, ntchito yanga ndi yosamalira okalamba. Amuna anga ndinakumana nawo konkuno, iwo atamaliza kalekale sukulu imene anabwerera, ndipo za moyo wawo wakumudzi ndinkangodziwa zimene anasankha kundiuza. Titalowa m'banja ndinapita padera kawiri. Amene zinamuonekerapo akudziwa mmene mtima umakhalira ukatenganso pakati, sugona tulo tabwino, ukangomva kupweteka pang'ono wathamangira kale kubafa kukayang'ana. Choncho nditaima kachitatu ndinatseka pakamwa, monga mmene tinaleredwera kuti pakati salengeza ndipo mwana sumuwerengera asanabwere. Inali nyengo ya chisanu, ndipo majekete akuno amabisa zambiri.

Ku Indianapolis, mbali ya ku Lawrence, kuli mayi ena achikulire amene Mmalawi aliyense wa m'dera lino amawadziwa. Ambiri anagonapo kunyumba kwawo atangotsika ndege, pa ukwati ndiwo amalamula kukhitchini, zovuta zikagwa ndiwo amayamba kufika. Nkhope yawo ndi yomwetulira nthawi zonse, mawu awo ndi apansipansi, ndipo sindinamvepo munthu akunena kuti anawaona atakwiya. Tsiku lina tinapita ku mapemphero a Amalawi kumeneko, ndipo pomwazikana mayiwa anandikumbatira, n'kulowetsa dzanja mkati mwa jekete langa, n'kuligoneka pamimba. Sanalichotse msanga ayi. Analisiya pamenepo mpaka ine ndinayamba kuseka kuseka kwamanyazi, kenaka anandinong'oneza kuti amuona mlendo, ndisade nkhawa, iwo adikira nane limodzi mpaka tsiku lake.

Kuyambira pamenepo ankandiyimbira foni Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi. Sankafunsa za ine, kaya ndadya, kaya miyendo yatupa, ayi. Funso lawo linali limodzi lokha, lakuti kodi mwana wagunda lero. Ndikayankha kuti inde wagunda, iwo ankakhala chete, chete wautali woti ndinkachita kuyang'ana foni ngati yaduka, koma ayi, ndinkawamva akupuma. Kenaka ankati chabwino, ayimbanso. Tandiuzani anzanga, munthu wotere mungakamunenere kwa yani, ndipo mungakanene kuti walakwa chiyani? Wakutukwana? Wakuopseza? Wangofunsa za mwana basi. Nditawauza amuna anga ndinaona nkhope yawo ikuuma kanthawi, kenaka anati ndisiye kuganiza mopusa, mayi aja ndi wokonda anthu, ndi mmene alili.

Koma funso lija linandilowa m'thupi. Loweruka likafika ndinkayamba kale kumvetsera m'mimba, kumwa madzi ozizira kuti mwana adzuke, kugona chammbali dzanja lili pamchombo, kuti mawa ndikhale ndi yankho. Ndili pa shifiti ndinkaima pakati pa khonde ndi mbale ya gogo wina m'manja, kudikira kuti agunde ndiye ndipitirire. Ndiye Lamulungu lina sanayimbe. Mungaganize kuti ndinapuma, koma tsiku limenelo ndilo linandizunza kuposa onse, ndinakhala pampando foni ili pamwendo mpaka dzuwa kulowa, ndikudzifunsa kuti kodi akudziwa chiyani chimene ine sindikudziwa. Pano ndikakumbukira ndimachita kutentha m'mutu, chifukwa ndikuona kuti ngakhale kusayimbako kunali kokonza. Munthu wofuna kukuopseza bwino sakuwa. Amakuzoloweretsa kanthu kakang'ono, kenaka n'kukachotsa, zotsalazo umamaliza wekha.

Chisanu chitatha ndinangoona pa gulu la azimayi la pafoni mayi aja atalengeza kuti andikonzera bebi shawa kunyumba kwawo, phwando lija akuno amachitira mayi woyembekezera. Ine asanandifunse n'komwe! Ndinakana. Amayi anga kumudzi nditawauza anakuwa pafoni kuti zimenezo si zathu, mwana sam'vinira ali m'mimba. Koma amuna anga anaumirira. Anati ndikakana ndiwachititsa manyazi, munthu wamkulu wadzipereka, anthu abuka kale ma ofu kuntchito, ndipo kuno ndi ku America, tisamakhale ngati tinabwera dzulo. Ankalankhula mwamantha, koma ine ndinkayesa kuti akuopa pakamwa pa anthu. Ndinavomera chifukwa cha ulemu, ulemu womwewu umene timanyadira kuti ndife Amalawi.

Tinanyamuka Loweruka m'mawa, ine mimba ili kutsogolo koma masiku akadali kutali. Msewu wopita ku Indianapolis ndi wautali, minda yokhayokha mbali zonse, chimanga chinali chikadali m'mawondo. Titafika pakhomo pa mayi aja ndinaona nthambi za masamba aawisi zitagonekedwa mopingasa polowera galimoto. Inu nonse mukudziwa tanthauzo la masamba pamsewu kwathu, ngakhale woyendetsa minibasi wamwano amachepetsa liwiro, wapanjinga amatsika. Amuna anga anati ndi mphepo ya usiku yathyola mitengo. Mphepo yanji imene imadula nthambi zofanana n'kuziyala pamzere? Iwo sanatsike n'komwe, anati azibambo onse awauza kuti akakhale ku Beech Grove kwa mnzawo wina, akawotche nyama ndi kuonera mpira, chifukwa phwandoli ndi la azimayi okhaokha. Ananditula pamsewu n'kutembenuza galimoto. Ndipo kumeneko si kwathu koti ungakweze dzanja minibasi n'kuima, wopanda galimoto ndi mkaidi.

Mayi aja anandilandira pakhomo ndi kumwetulira kwawo kuja, anandivula nsapato ndi manja awo, n'kundigwira padzanja kulowa nane pabalaza. Abale anga, pabalaza panalibe mpando ngakhale umodzi. Masofa, tebulo, wailesi yakanema, zonse anazitulutsa, akuti kuti malo akwane. Panalibe chibaluni, panalibe maluwa, makatani anali otseka, akuti dzuwa limaononga zithunzi. Azimayi anali atakhala pansi motsamira makoma, miyendo atatambasula, onse m'zitenje zakuda bii ndi zobiriwira modera, mipango kumutu, chifukwa anawauza kuti mutu wa phwando ndi zakumudzi ndipo asavale zowala kuti mwini phwando ndiye aoneke. Onse ankalankhula monong'ona, chifukwa anawauza kuti m'chipinda cham'mwamba mwagona mtsikana wochokera ku shifiti ya usiku. Mukuona? Kanthu kalikonse kanali ndi chifukwa chake chomveka. Koma mukaziphatikiza, munthu wobadwira ku Malawi safunika kuuzidwa kuti walowa m'nyumba yanji.

Anandikhazika pa matiresi pakona, mayi wina kumanja wina kumanzere, malo enieni a namfedwa. Ndipo taonani mmene thupi limakumbukirira mwambo mutu usanaganize, aliyense wobwera mochedwa akangolowa n'kuona anthu ali pansi, ankagwada yekha, n'kuyenda chokwawa kupereka moni wa m'manja mmodzimmodzi ndi mawu apansi, mpaka kudzafika pa ine. Mmodzi anatsala pang'ono kunena kuti pepani, ndinaona milomo yake ikuyamba, n'kudzigwira pakamwa. Panali mzungu mmodzi amene ndimagwira naye ntchito, anachita kudiraiva yekha kuchokera ku South Bend, iyeyo ndiye anali wosangalala zedi, akujambula ndi foni n'kumandiuza kuti chikhalidwe chathu ndi chamtendere, sanaonepo phwando lodekha chotere.

Sanafulumire mayi aja. Chakudya chinkanunkhira kukhitchini koma sichinatuluke. Anakhala pakati, n'kuyambitsa nyimbo ya m'buku la kutchalitchi, mokoka, imodzi mwa zija zonena za mpumulo zimene timachezera nazo pa siwa. Nyimbo ya Mulungu ungaikane bwanji? Azimayi anaipolokozana, poyamba mokayika, kenaka mawu anakhazikika, ena n'kuyamba kugwedezeka pang'onopang'ono maso ali pansi. Itatha ina inayamba, yamtundu womwewo. Ine mutu unayamba kuwawa kuchokera kunkhongo, mphete inandithina pachala, ndipo ndinazindikira kuti chilowereni m'nyumbamo mwana anali asanagunde. Pamenepo m'pamene ndinakumbukira chinthu chimene ndinkayesetsa kusachikumbukira, chakuti kwathu maliro amene kumapita azimayi okhaokha, azibambo atatsala, ndi a mtayo, khanda lobadwa lakufa.

Ndinayesa kudzuka, ndinati ndikufuna kubafa. Mayi aja anabwera chokwawa, n'kundigwira paphewa mofewa koma mondikanikiza, n'kunena mokweza pang'ono kuti onse amve kuti mwana wawo ndatopa, ngati sindinakondwe ndi zimene andikonzera ndingonena, iwo sakhumudwa, auza anthu onsewa amene asiya ntchito zawo kuti azipita. Maso onse anali pa ine. Mukudziwa chimene ndinayankha? Ndinati ayi amayi, ndakondwa kwambiri, zikomo. Ndinathokoza! Ndinakhalanso pansi n'kukonza chitenje changa bwinobwino ngati mwana wolangizidwa.

Kenaka anati yakwana nthawi ya mphatso, ndipo yoyamba ikhala yawo. Anatuluka n'kubwera atanyamula m'manja awiri kabokosi ka matabwa kopaka utoto woyera, kotalika ngati mkono, kachivundikiro. Akuti n'kosungiramo zovala za mwana, anachita kuodetsa kwa kalipentala. Anakaika patsogolo panga, pakati pa miyendo yanga. Ngakhale mzungu uja anatsitsa foni. Atatsegula, munalibe kamalaya kapena kasokosi, munali nsalu yoyera imodzi yopindidwa bwino.

Ndiye anayamba malangizo, monga amachitira akuluakulu pa maphwando otere, akumwetulirabe, mawu ali pansipansi, m'Chichewa chosasakaniza. Anati mayi woyembekezera azidziwa kuti si mwana aliyense amene amafika kunyumba. Anati iwo anali ndi mng'ono wawo ku Ntcheu, mtsikana wanzeru, amene anapatsidwa pakati ndi mnyamata wa m'mudzi woyandikana nawo, ndipo mnyamatayo atapeza mwayi wa sukulu ku Indiana anakana pakatipo pamaso pa makolo, n'kukwera ndege. Mtsikanayo anasiya kudya, anasiya kulankhula, mwana anabadwa wakufa, ndipo iye mwini sanakhalitse. Anati khandalo analinyamula ndi iwowo, m'nsalu ngati imeneyi, azimayi okhaokha, ndipo akuluakulu anawaletsa kulira chifukwa mtayo saulira. Ndiye anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti misozi imeneyo anaisunga zaka zonsezi, anawoloka nayo nyanja, ndipo akuona kuti masiku oti aikhetse ayandikira. Atatero anandigwira pamimba n'kufunsa funso lawo lija, kuti wagunda lero.

Mnyamata wa ku Ntcheu wobwera kudzaphunzira ku Indiana ndinkamudziwa mmodzi yekha, ndipo nthawi imeneyo n'kuti akuwotcha nyama ku Beech Grove. Sindinakuwe. Ndinaona timoto tikuthwanima m'maso, makutu anatseka, makoma anayamba kupendekeka, ndipo chimene ndinkamva chinali chimodzi, kuti m'mimba muli zii. Mnzanga wina amene ndi namwino ndiye anadzuka pomaliza, anati nkhope yanga yatupa, iyi ndi bipi, wina ayimbe ambulansi msanga. Pomwe ankandinyamula ndinawaona mayi aja akupinda nsalu ija mosamala n'kuibwezera m'kabokosi.

Madzulo a tsiku lomwelo anandichita opareshoni pa chipatala china ku Indianapolis. Mwana anatuluka wamkazi, wochepa woti ankakwana m'manja awiri a bambo ake, osalira, ndipo anathamanga naye ndisanamuone. Anakhala masabata ambiri m'makina ofunditsa ana obadwa masiku asanakwane, timachubu tili m'mphuno, ine ndikugona kwa mnzanga namwino uja n'kumapita m'mawa uliwonse osadziwa chimene ndikapeze. Madokotala anati matenda a kuthamanga kwa magaziwa amatha kubwera okha kwa mayi woyembekezera aliyense, ndipo sindikutsutsana nawo, anaphunzira ndi iwowo. Koma iwo sanakhale pa matiresi paja.

Amuna anga anavomera zonse ali chogwada pambali pa bedi langa. Ankawadziwa mayi aja kuyambira tsiku loyamba, ndipo poti mayiwo ankawamwetulira ndi kuwapatsa moni zaka zonsezo, iwo anaganiza kuti nkhani inatha, kapena kuti akamawagonjera pa chilichonse idzatha. Ndiye anatenga mkazi wawo ndi mwana wawo n'kukawatula pakhomo pa munthu amene anamulakwira, iwo n'kupita kukaonera mpira. Tikadali limodzi, musandifunse chifukwa chake, nkhani imeneyo ndi ina ndipo sinathe. Mtsikana wa ku Ntcheu uja ndimamulira, analakwiridwa koopsa, ndipo mkulu wake akanawagwira amuna anga pakhosi pakati pa tchalitchi ine ndikanamugwirira chikwama. Koma ine ndinamulakwira chiyani? Mwana wanga, amene anali asanaone n'kuwala komwe, anakana pakati pa yani?

Chimene chimandiwawa kwambiri chinachitika mwana ali m'makina muja. Mayi aja anabwera kuchipatala kudzazonda, atanyamula chakudya m'mabakuli, azimayi ena awiri ali pambuyo, kumwetulira kuli pomwepo. Anafunsa ngati angakamuone mwana. Apo m'pamene pakamwa panga panatseguka, ndinakuwa mawu amene sindinayambe ndawauzapo munthu wamkulu, ndinawatchula chimene ali, mpaka alonda a pachipatala anabwera kudzawatulutsa. Ndiye mukudziwa nkhani imene inayenda pakati pa Amalawi kuchokera ku Indianapolis mpaka ku South Bend? Si ya masamba pakhomo, si ya kabokosi koyera. Inali yakuti mkazi wa uje ndi wamwano, anatukwana mayi amene anamukonzera phwando ndi ndalama zawo. Akuluakulu ena anachita kutumiza uthenga kuti ndikapepese. Ndipo azimayi amene anali m'chipinda chija, ndikawapeza mmodzimmodzi, aliyense amavomera monong'ona kuti anazindikira atangolowa pakhomo, ena akuti tsitsi linawaima, koma ankaopa kuti akalankhula aoneka opanda khalidwe, ena akuti ankaopa kuti akachitchula chichitikadi. Azimayi odzaza nyumba, ophunzira, anamwino, opemphera, anaimba nyimbo za siwa pa mwana wamoyo chifukwa palibe amene anafuna kukhala woyamba kuimirira.

Ena amandifunsa ngati ndikuganiza kuti mayi aja anali ndi mankhwala. Ayi, sindikhulupirira zimenezo, ndipo kunena choncho n'kuwachepetsera mlandu. Analibe chithumwa, analibe sing'anga. Anali ndi kuleza mtima, ankadziwa zimene mtima wa Mmalawi umaopa, ndipo ankadziwa kuti ife tikhoza kufera pamphasa kusiyana n'kuti tidule mawu a munthu wamkulu. Chida chawo tinali ifeyo. Mpaka lero akulandirabe alendo otsika ndege, akulamulabe kukhitchini pa maukwati, ndipo sindinapite kukapepesa, sindidzapitanso.

Mwana wanga anapulumuka. Ndi wochepa thupi, chifuwa chimamuvuta nyengo ya chisanu, ndikamulankhula Chichewa amandiyankha m'Chingerezi, koma ali moyo ndipo ndi wamakani zedi. Anthu amandiuza kuti ndimamulekerera, sagwada, akakana wakana. Ndiye inu azimayi anzanga, makamaka amene muli kutali ndi amayi anu, mverani ine. Mukalowa pamalo thupi lanu n'kukuuzani kuti pano si pabwino, musadikire chifukwa choti mukafotokozere anthu, musayang'ane kuti akulankhulayo ali ndi imvi, musathokoze. Dzukani mutuluke, ngakhale chosavala nsapato, mukaime pamsewu. Adzakutchani amwano, inde. Ine ananditcha wamwano, ndipo kulakwa kwa mwano wangawo n'kumodzi kokha, unachedwa, mwana wanga n'kuulipira ndi mapapo ake.